Dongo ndi zeolite zimasankha maayoni oti zigwire: mmene thermodynamics imafotokozera kusankhako

M'chaka cha 1850, magazini ya bungwe la Royal Agricultural Society of England inasindikiza zimene anthu awiri anapeza, wina H. S. Thompson, mwini minda wa ku Yorkshire, ndipo wina John Thomas Way, katswiri wa chemistry amene ankalangiza bungwelo. Funso limene linkawasowetsa mtendere ndi lomwe mlimi aliyense amalidziwa, lakuti chonde cha m'manyowa chimapita kuti mvula ikagwa yambiri. Thompson anaika dothi m'chubu n'kuthira pamwamba pake madzi osungunuliramo mchere wa ammonium sulphate, ndipo madzi amene anadontha kunsi anatuluka atasiya amoniyamu m'dothimo, koma ali ndi kashiyamu amene munthu sanathiremo. Way anapitiriza ntchitoyi ndi mitundu yambiri ya mchere ndi ya dothi, ndipo anaona kuti kusinthanaku kumachitika mwamsanga, kuti mchenga wokhawokha ulibe mphamvuyi chifukwa ili m'dongo, ndiponso kuti nitrate ndi chloride zimangodutsa osagwidwa. Justus von Liebig, amene mawu ake pa za nthaka ankamveka kwambiri ku Ulaya nthawi imeneyo, poyamba anakana kuzikhulupirira.

Zimene anthu awiriwa anaona ndizo masiku ano zimatchedwa kusinthana kwa maayoni. Nkhaniyi ili ndi mafunso awiri amene anthu ambiri amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti dongo kapena zeolite zingagwire maayoni ochuluka bwanji, ndipo limeneli silivuta, chifukwa munthu amangoyeza n'kupeza nambala. Lachiwiri ndi lakuti, maayoni a mitundu iwiri kapena itatu akamalimbirana malo amodzimodzi, ndi ati amene atsale ndipo ndi ati amene apite ndi madzi. Funso lachiwirili ndilo limafuna thermodynamics, nthambi ya sayansi yowerengera mphamvu zimene zimalowa ndi kutuluka zinthu zikamasintha, ndipo ndilo lili ndi phindu lenileni kwa mlimi, kwa woyeretsa madzi, ndi kwa amene akulimbana ndi zinyalala za nyukiliya.

Kumene chaji imachokera

Mchere ukasungunuka m'madzi umagawikana kukhala tinthu tokhala ndi chaji ya magetsi, ndipo tinthu timeneti ndi maayoni. Sodiyamu, potaziyamu, amoniyamu ndi cesium ali ndi chaji imodzi ya pozitivi, kashiyamu, magineziyamu ndi strontium ali ndi ziwiri, pamene aluminiyamu ali ndi zitatu. Zeolite ndi mwala, ndipo dongo nalonso ndi timiyala tosaoneka ndi maso. Zonse ziwiri zinamangidwa ndi atomu ya silikoni yozunguliridwa ndi maatomu anayi a okosijeni, zolumikizana mobwerezabwereza. Pamene miyalayi inkapangika, malo ena a silikoni, amene ali ndi chaji zinayi, analowedwa ndi aluminiyamu, ndipo m'mitundu ina ya dongo malo a aluminiyamu analowedwa ndi magineziyamu. Paliponse pamene izi zinachitika panatsala chaji imodzi ya negetivi yosowa inzake, ndipo singachoke chifukwa ili m'kati mwa chimango cha mwalawo. Ayoni ya pozitivi imakhala pafupi ndi malowo kuti chaji zifanane, koma popeza siili mbali ya chimangocho, ikhoza kuchoka malinga ina yabwera kudzakhala pamalo pake. Chimene sichisintha ndi chaji, osati chiwerengero cha maayoni: ayoni imodzi ya kashiyamu ikalowa, maayoni awiri a sodiyamu amatuluka.

Dongo ndi zeolite zimasiyana pa kamangidwe. Dongo ndi tizigawo topyapyala kwambiri tosanjikizana, ndipo m'mitundu monga montmorillonite kachigawo kamodzi kamachindikala pafupifupi nanomita imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Maayoni osinthika amakhala pakati pa tizigawoti pamodzi ndi madzi, ndipo mpatawo umatha kukula kapena kuchepa. Zeolite ndi chimango cholimba chokhala ndi tizipinda ndi tinjira ta msinkhu wosasintha, todzaza madzi ndi maayoni. Axel Cronstedt wa ku Sweden ndiye anayamba kulongosola miyalayi mu 1756 ataona kuti ikatenthedwa imatulutsa nthunzi. Zeolite wachilengedwe, monga clinoptilolite ndi chabazite, amapezeka kwambiri kumene phulusa la mapiri ophulika linakhalitsa m'madzi amchere, pamene wopangidwa ndi anthu anayamba ndi ntchito ya Richard Barrer ku Britain m'zaka za m'ma 1940 ndi ya Robert Milton wa ku kampani ya Union Carbide, amene anapanga zeolite A ndi X.

Kuchuluka kwa chaji imene chinthu chingagwire kumatchedwa CEC, ndipo kumayezedwa m'ma centimole a chaji pa kilogalamu. Mwa mitundu ya dongo, kaolinite amakhala pakati pa 3 ndi 15, illite pakati pa 10 ndi 40, montmorillonite pakati pa 80 ndi 150, clinoptilolite wosasakanizika pafupifupi 220, pamene zeolite A amapitirira 500. Manambalawa amaoneka m'minda ya kuno kwathu. Katondo wa m'madera okwera a Malawi ndi Zambia anasukuluka ndi mvula kwa zaka zosawerengeka, ndipo dongo lake lambiri ndi kaolinite wosakanizika ndi dzimbiri la chitsulo, kotero kuti gawo lalikulu la mphamvu yake yosunga chakudya cha mbewu limachokera ku manyowa ndi zinyalala zowola, ndipo limachepa asidi akachuluka m'nthaka. Makande akuda a m'chigwa cha Shire ndi a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ali ndi dongo la gulu la montmorillonite, n'chifukwa chake amafufuma m'dzinja n'kuchita ming'alu m'chilimwe.

Madzi akoka kwina, mwala ukoka kwina

Tiyerekeze kuti dongo lodzaza sodiyamu laikidwa m'madzi okhala ndi potaziyamu. Poyamba potaziyamu amalowa mofulumira sodiyamu n'kumatuluka, koma sodiyamu akachuluka m'madzimo amayambanso kubwerera, mpaka olowa ndi otuluka afanane. Pamenepo akatswiri amati pafika equilibrium, ngakhale kuti maayoni sanasiye kuyenda. Munthu akayeza kuchuluka kwa mtundu uliwonse pa dongo ndi m'madzi amapeza nambala yotchedwa K, imene imasonyeza mbali yopambana: ikaposa 1 ndiye kuti dongo likukondera potaziyamu, ikachepera 1 likukondera sodiyamu. Josiah Willard Gibbs wa ku yunivesite ya Yale, m'zolemba zake za m'zaka za m'ma 1870, anaika maziko olumikizira nambala yotere ndi mphamvu, ndipo masiku ano timalemba kuti ΔG° = −RT ln K, pomwe ΔG° ndi kusintha kwa mphamvu kumene kumakankha kusinthanako, ln ndi logarithm ya m'masamu, R ndi ma joule 8.314 pa mole (muyeso wa kuchuluka kwa tinthu) pa kelvin, ndipo T ndi mlingo wa kutentha m'ma kelvin. Pa madigiri 25, K ikakula ka 10, ΔG° imatsika ndi ma kilojoule 5.7 okha pa mole.

Nambala ya 5.7 imeneyi ndi yaing'ono modabwitsa munthu akaiika pafupi ndi mphamvu zimene zikukokana. Ayoni iliyonse m'madzi imazunguliridwa ndi mamolekyulu a madzi amene amaikangamira, ndipo ikakhala yaing'ono kapena ya chaji yambiri imawagwira zolimba. Kuti madzi onse achotsedwe pa lithium pamafunika ma kilojoule pafupifupi 520 pa mole, pa sodiyamu pafupifupi 405, pa potaziyamu pafupifupi 320, pa cesium pafupifupi 265, pamene kashiyamu amafuna oposa 1,500 ndipo magineziyamu pafupifupi 1,900. Kumbali inayo kuli mphamvu imene chaji ya negetivi ya mwala ikukokera ayoniyo, nayonso ya m'mazanamazana. Kusankha konse kumene tikukamba ndi kanthu kochepa kamene kamatsala manambala akuluakulu awiriwa akachotserana, n'chifukwa chake kamangidwe ka mwala kakasintha pang'ono, wotsogola amatha kukhala wotsalira. N'chifukwa chakenso owerengera zinthuzi pa kompyuta amavutika, pakuti akaphonya ndi 2 pa 100 pa nambala yaikuluyo, cholakwikacho chimaposa yankho limene akufuna.

Pali chinthu china chimene poyamba chimaoneka chokhota. Ayoni ya lithium ikakhala yokha ndi yaing'ono kwambiri, nanomita 0.076 kuchokera pakati kufika m'mphepete, pamene ya cesium ndi 0.167. Koma m'madzi lithium ndiye amayenda ndi katundu wambiri, ngati mayi wosenza mtolo waukulu wa nkhuni amene sangalowe pakhomo lopapatiza pokhapokha atautula, pamene cesium amasiya madzi ake mosavuta n'kufika pafupi penipeni ndi chaji ya mwala. Motero pa montmorillonite wokonderedwa koposa ndi cesium, kenako rubidium, potaziyamu, sodiyamu, lithium n'kukhala womaliza, ndipo mwa a chaji ziwiri amatsogola ndi barium, kenako strontium, kashiyamu, magineziyamu pambuyo.

George Eisenman, amene ankafufuza za magalasi oyezera maayoni, anafotokoza mu 1962 chifukwa chake mndandandawu sukhala umodzimodzi kulikonse. Ngati chaji za mwala zili zotalikirana ndipo zikukoka mofooka, madzi ndiwo amalamula, ndipo ayoni yotaya madzi mosavuta imapambana. Ngati chaji zili zothinana ndipo zikukoka mwamphamvu, mwala umabweza mphamvu imene yapita pochotsa madzi, ndipo ayoni yaing'ono imene ingayandikire kwambiri ndiyo imapindula. Mu zeolite zimenezi zimaonekera pa kuchuluka kwa silikoni poyerekeza ndi aluminiyamu. Clinoptilolite ali ndi maatomu anayi kapena kuposa a silikoni pa atomu imodzi ya aluminiyamu, ndipo L. L. Ames, amene ankagwira ntchito pa zinyalala za nyukiliya ku Hanford m'dziko la America, anasonyeza mu 1960 kuti mwalawu umakonda cesium koposa, kenako rubidium, potaziyamu ndi amoniyamu, sodiyamu ndi kashiyamu ali m'mbuyo, magineziyamu ndi lithium kumapeto. Zeolite A ali ndi atomu imodzi ya silikoni pa imodzi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sangachuluke kuposa pamenepo chifukwa maatomu ake awiri sagawana okosijeni mmodzi m'chimango chotere, monga Walter Loewenstein ananenera mu 1954. Zeolite ameneyu amaika sodiyamu patsogolo pa cesium, ndipo amaika kashiyamu patsogolo pa sodiyamu.

ΔG ili ndi zigawo ziwiri, malinga ndi lamulo lakuti ΔG = ΔH − TΔS. Enthalpy, ΔH, ndi kutentha kumene kumatuluka kapena kumwedwa pamene kusinthanako kukuchitika. Entropy, ΔS, ndi muyeso wa kuchuluka kwa njira zimene tinthu tingathe kukhalira ndi kugawana mphamvu. Madzi omangika pa ayoni ali ndi njira zochepa, pamene omasuka ali ndi zambiri. Cesium kapena potaziyamu akamalowa m'malo mwa sodiyamu pa dongo, kawirikawiri kutentha kumatuluka, ndiye kuti enthalpy ndiyo ikukankha, ndipo madzi akatenthedwa kukonderako kumachepa. Kashiyamu akamalowa mu zeolite A zimakhala zosiyana. Kusinthanako kumamwa kutentha, chifukwa kuchotsa ena mwa madzi a kashiyamu kumafuna mphamvu yambiri, komabe kumachitika ndithu popeza mamolekyulu a madzi amene amamasuka amakweza entropy kuposa mphamvu yotayikayo. Kuti apeze ΔH, akatswiri amayeza kutenthako mwachindunji ndi chipangizo chotchedwa calorimeter, kapena amayeza K pa milingo ingapo ya kutentha n'kugwiritsa ntchito masamu a van 't Hoff. Njira yachiwiriyi ndi yotsika mtengo, koma wowerenga ayenera kukayikira zotsatira zake ngati milingoyo inali itatu yokha yoyandikana.

Zimenezi zili m'sopo wa ufa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, makampani monga Henkel ya ku Germany anayamba kuika zeolite A m'malo mwa phosphate, amene ankameretsa ndere zochuluka m'mitsinje ndi m'nyanja za ku Ulaya. Ntchito ya zeoliteyo ndi kugwira kashiyamu wa m'madzi amene amafooketsa sopo, ndipo amaigwira bwino madzi akafunda. Magineziyamu, amene amaumirira madzi ake kwambiri, amalowa mochedwa pa timakomo ta nanomita 0.4 madzi akakhala ozizira, choncho opanga sopo amawonjezera mankhwala ena othandizira.

Pali chotsatira china cha masamuwa chimene sichidalira n'komwe kukonda kwa mwala, ndipo m'maganizo anga ndicho chofunika kwambiri kwa anthu a ulimi wothirira. Popeza ayoni imodzi ya kashiyamu imasinthana ndi maayoni awiri a sodiyamu, m'masamu a K kuchuluka kwa sodiyamu wa m'madzi kumawerengedwa kawiri mochulukitsa, pamene kwa kashiyamu kumawerengedwa kamodzi. Munthu akawonjezera madzi abwino mpaka mchere uchepe mphamvu ka 10, mbali ya sodiyamu imatsika ka 100 pamene ya kashiyamu imatsika ka 10 kokha, ndipo dongo limayamba kugwira kashiyamu wambiri. Madzi akamauma mchere n'kumachuluka, zinthu zimatembenuka ndipo sodiyamu ndiye amalowa. R. K. Schofield wa ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England, analemba lamuloli mu 1947, koma makina ofewetsa madzi anali akulidalira kale kuyambira pamene Robert Gans anapanga Permutit, chogwira maayoni chofanana ndi zeolite, ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Madzi apampopi ali ndi mchere wochepa, choncho kashiyamu amagwidwa, ndipo chogwiracho chikadzaza amachitsuka ndi madzi othiramo mchere wa m'ndiwo wochuluka kwambiri, kashiyamu n'kutuluka.

M'munda wothirira lamulo lomweli limawononga nthaka. Akatswiri a US Salinity Laboratory ku Riverside, California, anafalitsa mu 1954 muyeso wotchedwa SAR, umene umagawa sodiyamu wa m'madzi ndi square root ya kashiyamu ndi magineziyamu. Dzuwa likaumitsa madzi mpaka mchere uwirikize kanayi, SAR imawirikiza kawiri ngakhale kuti palibe mchere watsopano umene wathiridwa. Sodiyamu akatenga malo pafupifupi 15 pa 100 alionse a pa dongo, nthaka imatchedwa sodic. Tizigawo ta montmorillonite tokhala ndi kashiyamu timasiya kutalikirana tikafika pafupifupi nanomita 1.9, koma tokhala ndi sodiyamu timapitirizabe kumwa madzi mpaka kubalalika, kenako timatseka timipata ta m'nthaka, madzi amadikha pamwamba, ndipo pakauma pamauma gwa moti mbewu imalephera kutuluka. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi a m'mijigo ina ndi amchere ndipo dzuwa limaswa mtengo pa makande, vutoli si lachilendo. Mankhwala ake ndi gypsum, amene amabweretsa kashiyamu, koma amathandiza pokhapokha pali ngalande zotulutsira madzi amene atenga sodiyamu wochotsedwayo. Apo ayi madziwo akauma sodiyamu amabwerera pamalo pake.

Nambala imene siikhazikika

Vuto limene linatengera akatswiri zaka zambiri ndi lakuti nambala yoyezedwa m'labotale imasinthasintha. Malo a pa mwala si ofanana onse. Ayoni yokonderedwa imayamba yatenga malo abwino koposa, ndipo akadzaza imapita ku malo wamba, kotero kuti nambala yopezeka pamene cesium ali pa malo 1 mwa 100 ingasiyane kutali ndi yopezeka atadzaza theka. Albert Vanselow ku California mu 1932 ankawerenga maayoni a pa dongo imodziimodzi, E. N. Gapon ku Soviet Union mu 1933 analemba kusinthanako mwa njira ina, ndipo George Gaines ndi Henry Thomas mu 1953 anawerenga chaji m'malo mwa maayoni. Awiri omalizawa anasonyezanso mmene munthu angapezere K yeniyeni ya thermodynamics: ayeze kukonderako pa milingo yambiri, kuyambira dongo lodzaza ayoni yoyamba mpaka lodzaza yachiwiri, kenako aphatikize zonse ndi masamu a integration, osaiwala kusintha kwa madzi a m'kati mwa mwalawo. K yotereyi ndi avereji ya milingo yonse. Ndi yolondola, koma imabisa malo ochepa apadera aja, amene nthawi zina ndiwo amalamula zonse. Komanso manambala a njira zitatuzi sangasakanizidwe pamene chaji za maayoni zili zosiyana. Pulogalamu ya PHREEQC ya bungwe la US Geological Survey, imene ambiri amagwiritsa ntchito polosera za madzi a pansi pa nthaka, imatsatira njira ya Gaines ndi Thomas pokhapokha wina atasintha, ndipo woikamo nambala ya Gapon mmene ilili amapeza yankho looneka bwino koma lolakwika.

Thermodynamics imangotiuza kumene zinthu zikathere, siitiuza ngati njira yopitira kumeneko ndi yotseguka. Mu zeolite Y, Howard Sherry anapeza mu 1966 kuti cesium amachotsa magawo awiri okha mwa magawo atatu a sodiyamu, chifukwa wotsalayo ali m'tizipinda tating'ono timene makomo ake cesium sakwanapo. M'dongo nkhani imavuta koposa chifukwa mwalawo umasintha pamene kusinthana kuli m'kati. Vermiculite wokhala ndi magineziyamu ndi madzi amakhala ndi nanomita 1.4 kuchokera pa kachigawo kamodzi kufika pa kena. Potaziyamu akalowa amataya madzi ake n'kukhazikika m'kabowo kozunguliridwa ndi maatomu 6 a okosijeni, kamene kamamukwana ndendende, ndipo tizigawo timatsekeka kufika pa nanomita 1.0. Potaziyamu amene analowa mosavuta amatenga nthawi yaitali kwambiri kuti atuluke. Kuyeza kolowera ndi kuyeza kotulukira kumapereka mizere iwiri yosiyana, chinthu chimene chimatchedwa hysteresis, ndipo zikatero masamu a Gibbs sagwiranso ntchito mwachindunji, chifukwa anamangidwa pa mfundo yakuti kusintha kungabwerere njira yomwe kunadzera. Amoniyamu, amene amafanana msinkhu ndi potaziyamu, amatsekeredwanso motero, choncho m'nthaka yotere mbali ina ya feteleza imasowa kwa kanthawi ngakhale kuti sinakokoloke.

Cesium, nkhosa ndi mpunga

Chitsanzo chomveka koposa cha malo ochepa olamula zonse chili mu illite. Tizigawo ta illite n'totsekeka kale ndi potaziyamu, koma m'mphepete mwake, mmene madzi ndi nthawi zadya, timatseguka pang'ono. Malo a m'mphepetewa safika ngakhale 1 pa 100 ya CEC yonse, koma amakonda cesium kuposa sodiyamu ka 1 miliyoni kapena kuposerapo, ndiko kuti ma kilojoule oposa 30 pa mole, ndipo kashiyamu ndi madzi ake sakwanamo n'komwe. Popeza cesium-137 wochokera ku ngozi za nyukiliya amakhala wochepa kwambiri pa sikelo, malo amenewa amakwanira kumugwira yense, ndipo opikisana naye enieni ndi potaziyamu ndi amoniyamu basi.

Ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl, ku Ukraine, itachitika mu Epulo 1986, mvula inagwetsa cesium m'mapiri a Wales, Cumbria ndi Scotland. Akuluakulu a boma la Britain ankayembekezera kuti nthaka imugwira m'masabata ochepa, potengera zimene zinkadziwika za nthaka ya dongo ya m'madera otsika. Koma m'mapirimo nthaka ndi ya zomera zowola, ya asidi wambiri, yosowa illite ndi potaziyamu. CEC yake ndi yaikulu kuposa ya mitundu yambiri ya dongo, koma siisankha cesium, motero iye anapitirira kulowa mu udzu ndi m'nkhosa. Mafamu oposa 9,000 anaikidwa pa chiletso, nkhosa zopitirira ma becquerel (muyeso wa mphamvu ya nyukiliya) 1,000 pa kilogalamu zinaletsedwa kupita kumsika wa nyama, ndipo ziletso zomaliza zinachotsedwa mu 2012, patatha zaka 26. Wogulitsa zeolite kapena zokonzera nthaka amene amangotchula nambala ya CEC ayenera kufunsidwa kuti chinthu chakecho chikonda ayoni iti, ndiponso m'madzi okhala ndi chiyani. Clinoptilolite yemweyo amene amachotsa amoniyamu bwino m'madzi opanda mchere a m'thanki ya nsomba amafooka kwambiri m'madzi a m'nyanja yamchere.

Ku Sellafield, m'chigawo chomwecho cha Cumbria, malo oyeretsera madzi otchedwa SIXEP akhala akudutsitsa madzi oipitsidwa ndi nyukiliya mu clinoptilolite wokumbidwa ku California kuyambira 1985. Cesium amagwidwa bwino ngakhale sodiyamu ali wochuluka kuposa iye kambirimbiri, koma strontium-90 ndi wovuta chifukwa amafanana kwambiri ndi kashiyamu pa chaji ndi pa msinkhu. Ku Three Mile Island m'dziko la America, pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya 1979, anasakaniza chabazite wogwira cesium ndi zeolite A wogwira strontium, ndiko kuti wa chaji zotalikirana ndi wa chaji zothinana m'thanki imodzi, monga mfundo ya Eisenman imanenera. Ku Fukushima m'dziko la Japan, pa ngozi ya nyukiliya ya 2011, anaziziritsa makina ndi madzi a m'nyanja yamchere, amene mu lita imodzi muli magalamu oposa 10 a sodiyamu pamodzi ndi potaziyamu, kashiyamu ndi magineziyamu, ndipo pa mpikisano wotere panafunika kuwonjezera pa zeolite zogwira zina zopangidwa mwapadera, monga silicotitanate, zimene timabowo take timalingana ndi msinkhu wa cesium.

M'minda ya mpunga ya ku Fukushima mpikisano womwewo unagwiritsidwa ntchito mwa njira ina. Nthaka yambiri ya kumeneko ili ndi mica wofumbutuka ndi vermiculite zochokera ku miyala ya granite, zimene zinagwira cesium wambiri m'masentimita 5 apamwamba, ndipo m'minda yoipitsidwa kwambiri anapala dothi lapamwambalo n'kulichotsa. Kwina alimi analangizidwa kuthira feteleza wa potaziyamu wochuluka. Munthu angaganize kuti potaziyamu achotsa cesium pa dongo n'kumutayira m'madzi, ndipo pang'ono zimachitikadi, koma mizu ya mpunga imayamwa cesium kudzera m'njira zomwezo zoyamwira potaziyamu, makamaka potaziyamu akasowa, kotero kuti zimene potaziyamu amatchinga pa muzu zimaposa zimene amamasula pa dongo. Feteleza wa amoniyamu ndiye amafuna kusamala, popeza amatha kuchotsa cesium m'malo a m'mphepete aja osamutchinga mokwanira pa muzu. Kuyambira 2012 thumba lililonse la mpunga wa m'chigawocho linkayezedwa lisanagulitsidwe, malire ali ma becquerel 100 pa kilogalamu, ndipo kuyambira pa zokolola za 2015 sipanapezekenso thumba lopitirira malirewo, mpaka mu 2020 akuluakulu a chigawocho anayamba kuyeza matumba osankhidwa okha m'madera ambiri.